Mnyamata wa ku Protasiv Yar

Loweruka pa 18 Juni 2022 mzinda wa Kyiv unaika maliro a mnyamata wazaka 24. Bokosi lake, lokutidwa ndi mbendera ya Ukraine, linayamba lalowa m'tchalitchi chakale cha Mikayeli Woyera, chija cha madenga agolide. Kuchoka pamenepo analinyamula kupita nalo pabwalo lalikulu la mzindawo lotchedwa Maidan, ndipo pomaliza anakaliika kumanda a Baikove. Anthu mazanamazana analondola malirowo. Panali asilikali ovala yunifolomu, atolankhani, ana asukulu, ndiponso meya wa mzindawo, Vitali Klitschko. Womwalirayo anali Roman Ratushnyi, mtolankhani ndi womenyera ufulu wa anthu amene anakhala msilikali kwa miyezi yosakwana inayi.

Malo atatu amene bokosilo linadutsa sanasankhidwe mwachisawawa. Malo alionse mwa atatuwa ali ndi gawo lake pa moyo wa mnyamatayu, komanso pa mbiri ya mbadwo wonse wa ana amene anabadwa dziko la Ukraine litalandira kale ufulu, n'kukula akuphunzira kuti ufuluwo umafunika kuulondera usana ndi usiku ngati munda wa m'mbali mwa phiri la anyani.

Bwalo lomwe linalera ana

Mawu oti maidan amatanthauza malo apoyera pomwe anthu amasonkhana, zomwe ife timangoti bwalo. Monga mmene bwalo la kwa mfumu limakhalira poweruzira milandu, Maidan ya ku Kyiv yakhala malo amene anthu wamba amaitanirapo atsogoleri awo kuti adzayankhe mafunso. Mwambo umenewu unayamba dziko lisanaime palokha. Mu Okutobala 1990, Ukraine akadali pansi pa Soviet Union, ophunzira a m'makoleji anamanga matenti pamiyala ya bwalolo n'kuyamba kunyanyala chakudya. Patatha masabata awiri boma linagonja, ndipo nduna yaikulu, Vitaliy Masol, inatula pansi udindo. Chaka chotsatira, pa 24 Ogasiti 1991, Ukraine analengeza ufulu wake, ndipo pa referendamu ya pa 1 Disembala anthu oposa 90 mwa 100 alionse anavomereza.

Roman anabadwira ku Kyiv pa 5 Julayi 1997, m'banja la anthu a cholembera. Mayi ake, Svitlana Povalyaeva, ndi mlembi wa mabuku komanso mtolankhani. Bambo ake, Taras Ratushnyi, ankadziwika pa ntchito yoteteza nyumba zakale za mzindawo kuti amalonda asazigwetse. Mwanayo anakulira m'nyumba momwe nkhani za ziphuphu, za makhothi ndi za zionetsero zinkakambidwa pa chakudya chamadzulo.

Utolankhani m'dziko limenelo sunali ntchito yamasewera. Roman ali ndi zaka zitatu, mu Seputembala 2000, mtolankhani Georgiy Gongadze, amene anayambitsa nyuzipepala ya pa intaneti ya Ukrainska Pravda, anasowa ku Kyiv. Patatha milungu ingapo thupi lake linapezeka m'nkhalango lopanda mutu, ndipo amene anadzamangidwa pa mlanduwo anali apolisi. Roman ali ndi zaka 7, mu 2004, anthu anadzadzanso Maidan kukana zotsatira zachinyengo za chisankho cha pulezidenti, mpaka khothi lalikulu linalamula kuti chisankhocho chibwerezedwe. Viktor Yanukovych, amene analengezedwa poyamba kuti wapambana, anagonja pa chisankho chobwerezacho. Koma ndale zili ngati nyengo, zimazungulira. Mu 2010 Yanukovych yemweyo anasankhidwa kukhala pulezidenti.

Usiku wa zibonga

Pa 21 Novembala 2013 boma la Yanukovych linalengeza kuti laimitsa zokonzekera kusainira mgwirizano ndi European Union. Kwa achinyamata ambiri, mgwirizanowo unali chiyembekezo choti tsiku lina dziko lawo lidzakhala ndi makhothi osagulika ndi apolisi oopa malamulo. Madzulo a tsiku lomwelo mtolankhani Mustafa Nayyem analemba pa Facebook kuitana anthu kuti akumane pa Maidan. Anabwera ochepa poyamba, ambiri mwa iwo ophunzira. Ankaimba, kumwa tiyi ndi kugona pabwalopo m'chisanu.

M'bandakucha wa pa 30 Novembala, cha m'ma 4 koloko, apolisi a gulu la Berkut anazinga bwalolo n'kuyamba kukwapula aliyense amene anamupeza. Ankamenya ogona pansi, ankathamangitsa othawa. Ena mwa achinyamatawo anathawira kumtunda n'kukabisala kumpanda wa tchalitchi cha Mikayeli Woyera, komwe amonke anawatsekulira chipata. Tchalitchi chimenechi boma la Soviet linachigwetsa m'zaka za m'ma 1930, ndipo chinamangidwanso kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, nthawi imene anawo anali aang'ono. Pakati pa omenyedwa usiku umenewo panali Roman Ratushnyi, ali ndi zaka 16 zokha.

Boma linkaganiza kuti chibonga chibalalitsa anthu. Zinatembenuka. Makolo ataona pa kanema magazi a ana awo, anatuluka m'nyumba, ndipo pa 1 Disembala anthu mazana a zikwi anadzadza pakati pa mzinda. Nkhani sinalinso ya mgwirizano wa zamalonda ayi, inasanduka funso loti kodi boma lili ndi ufulu womenya nzika zake ngati ng'ombe. Zionetserozo zinatha miyezi itatu. Pakati pa 18 ndi 20 Febuluwale 2014 mfuti zinalira, ndipo onse amene anafa pa zionetserozo mbali ya anthu wamba anakwana pafupifupi 100. Yanukovych anathawira ku Russia. Mwezi wotsatira Russia analanda chigawo cha Crimea, ndipo mu Epulo nkhondo inabuka kum'mawa, m'dera la Donbas. Pofika kumapeto kwa 2021 bungwe la United Nations linkati nkhondo imeneyo yapha anthu oposa 14,000.

Pali chinthu chimodzi chimene chimaonetsa khalidwe la Roman kuposa zonse za nthawi imeneyo. Mabala atapola, sanangokhala ndi mkwiyo mumtima. Iye ndi anzake ena anatengera nkhani ya kumenyedwa kwawo ku khothi loona za ufulu wa anthu la ku Ulaya, ku Strasbourg. Anadikira zaka zambiri, ndipo mu Januwale 2021 khothilo linagamula kuti boma la Ukraine linaphwanya ufulu wa ochita zionetserowo. Mnyamatayu anali ataphunzira za malamulo pa koleji ina ku Kyiv, ndipo ankakhulupirira kuti pepala losainidwa bwino limatha kuluma kuposa mwala.

Nkhondo ya khwawa

Zaka zotsatira Roman ankalemba nkhani ndi kuyenda nawo m'magulu a omenyera chilungamo. Imodzi mwa nkhani zimene anaziika pamtima inali ya Kateryna Handziuk, mayi wazaka 33 wa mumzinda wa Kherson amene ankaulula ziphuphu. Pa 31 Julayi 2018 munthu wina anamuthira asidi pafupi ndi nyumba yake. Anavutika m'chipatala miyezi itatu n'kumwalira pa 4 Novembala. Anzake anayambitsa gulu lofunsa funso limodzi lokha, loti anatuma achiwembuwo ndani, ndipo Roman anali mmodzi mwa amene ankanyamula funsolo kupita nalo pamakomo a akuluakulu a boma.

Koma dzina lake linamveka kwambiri chifukwa cha kachigawo kakang'ono ka nthaka. M'Chiyukireniya mawu oti yar amatanthauza khwawa kapena chigwembe. Protasiv Yar ndi khwawa la mitengo lomwe lili pakati pa timapiri tiwiri, Batyieva ndi Baikova, kufupi ndi pakati pa Kyiv. Anthu amapita kumeneko kukapuma, kukayendetsa agalu awo, ndipo nthawi ya chisanu ana amatsetsereka pachipale chofewa pamtsetse wake. Mumzinda wa anthu pafupifupi 3 miliyoni, malo oterewa amalonda amawayang'ana ndi diso la fisi poona mbuzi yomangidwa. Kampani ina inapeza mapepala oilola kumanga nyumba zosanja zitalizitali pamtsetsewo, ndipo mu 2019 mpanda wa omanga unaimikidwa.

Roman, ali ndi zaka 21, anatsogolera anthu okhala m'deralo kukana ntchitoyo. Anatseka msewu, anagwetsa mpanda, anakankhana ndi alonda olembedwa ganyu. Koma ntchito yaikulu inali yosaoneka pa kanema: kufukula mapepala a umwini wa malowo, kuwerenga mapulani a mzinda, kulemba madandaulo, kukhala pa mabenchi a khothi tsiku lonse mlandu n'kungoimitsidwa, kugogoda khomo ndi khomo kufotokozera agogo chifukwa chake siginecha yawo ikufunika. Roman ananena poyera kuti akuopsezedwa kuti aphedwa, ndipo kwa kanthawi anachoka pakhomo n'kumagona kobisika. Imfa ya Handziuk inali isanathe ndi chaka chomwe, choncho palibe amene ankatenga ziopsezozo ngati nthabwala. Komabe wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Ntchito yomanga inaima, ndipo nkhaniyo inasamukira m'makhothi ndi m'khonsolo ya mzinda.

Mu 2020 anaimira nawo pa chisankho cha makhansala a Kyiv, koma sanapambane. Chaka chotsatira anadana ndi boma lenilenilo. Pa 20 Malichi 2021 panachitika zionetsero kunja kwa ofesi ya pulezidenti Volodymyr Zelenskyy zokana kumangidwa kwa womenyera ufulu wina wa ku Odesa, Serhii Sternenko. Makoma a ofesiyo anapakidwa utoto, magalasi ena anasweka. Apolisi anati Roman anali mmodzi mwa owononga, ndipo khothi linalamula kuti asatuluke m'nyumba mwake usana ndi usiku. Iye anakana mlanduwo, ndipo patatha pafupifupi mwezi khothi la apilo linachotsa chiletsocho.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kuigwira bwino, chifukwa anthu akutali amaganiza kuti amene anapita kunkhondo mu 2022 anali okonda boma lawo. Ambiri sanali otero. Roman anamenyedwa ndi apolisi a pulezidenti mmodzi, anatsekeredwa m'nyumba pa ulamuliro wa pulezidenti wina. Ankadziwa kuipa kwa dziko lake kuposa mlendo aliyense. Chimene ankadziwanso n'chakuti m'dziko loipalo munthu ankatha kutsutsa meya, kusumira boma, kuluza chisankho, n'kudzukanso m'mawa kukayambiranso. Kumadera amene Russia analanda mu 2014, atolankhani ndi omenyera ufulu ankangosowa kapena kuponyedwa m'ndende. Kwa iye kusiyana kumeneko kunali kokwanira kuferapo.

Kuchoka pa cholembera kupita pa mfuti

Lachinayi pa 24 Febuluwale 2022, kusanache, mizinga ya Russia inagwa pa Kyiv ndi mizinda ina, ndipo akasinja anawoloka malire kuchokera kumpoto, kum'mawa ndi kum'mwera. Boma linaletsa amuna azaka 18 mpaka 60 kutuluka m'dziko, koma pamalo olembera asilikali mizere ya odzipereka okha inali yaitali kuposa mfuti zomwe zinalipo. Roman anadzipereka m'masiku oyambirira omwewo. Anayamba ndi kuteteza Kyiv, kenaka analowa gulu la asilikali la nambala 93, lotchedwa Kholodnyi Yar, kutanthauza khwawa lozizira. Dzinali ndi la nkhalango ya m'chigawo cha Cherkasy komwe anthu akumidzi anakana ulamuliro wachikomyunizimu wa a Bolshevik kuyambira 1919 mpaka 1922. Motero mnyamata woteteza khwawa limodzi anapezeka atavala pamkono dzina la khwawa lina.

Anaikidwa m'kagulu kozonda adani, ntchito yoopsa kwambiri pankhondo chifukwa ozonda amayenda patsogolo pa anzawo, kufupi ndi mdani, kukaona kumene wabisa akasinja ndi mizinga. Msilikali aliyense kumeneko amakhala ndi dzina lomuitanira pa wailesi ya m'manja, ndipo lake linali Seneca, dzina la wanzeru wa ku Roma wakale amene analemba zambiri za kufupika kwa moyo ndi kufa mopanda mantha. Gulu lake linamenya nawo nkhondo yomasula tawuni ya Trostianets m'chigawo cha Sumy kumapeto kwa Malichi 2022. Asilikali a Russia atabwerera kuchoka kumpoto, gululo linatumizidwa kum'mwera kwa tawuni ya Izium, m'chigawo cha Kharkiv, komwe Russia anasonkhanitsa mphamvu zake pofuna kuzinga asilikali a Ukraine a ku Donbas kuchokera kumpoto. Midzi ya kumeneko inasanduka phulusa chifukwa cha mizinga yogwa tsiku ndi tsiku.

Roman sanali yekha wosiya utolankhani n'kunyamula mfuti. Oleksandr Makhov, mtolankhani wa pa kanema wochokera ku Luhansk, anaphedwa pa 4 Meyi 2022 kufupi ndi Izium komweko, ali ndi zaka 36. Maksym Butkevych, mmodzi mwa oyambitsa wailesi ya Hromadske, amene kwa zaka zambiri ankathandiza othawa kwawo ndipo ankadziwika ngati wodana ndi zankhondo, nayenso analowa usilikali. Anagwidwa mu Juni 2022, anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 13, ndipo anamasulidwa mu Okutobala 2024 pa kusinthana kwa akaidi.

Apa pali funso limene atolankhani amakangana nalo kulikonse. Mtolankhani amatetezedwa ndi malamulo a nkhondo chifukwa amawerengedwa ngati munthu wamba, ndipo amakhulupiridwa chifukwa sakhala mbali ya omenyana. Akangonyamula mfuti, chitetezo chimenecho chatha, ndipo mawu ake asanduka mawu a msilikali. Anthu ngati Roman ankadziwa zimenezi ndipo sanayese kuvala zipewa ziwiri nthawi imodzi. Anasiya ntchito imodzi n'kutenga ina. Maganizo awo anali akuti nyumba ikamapsa ndi ana ako momwemo, kulemba lipoti la motowo n'kusiyira ena. Ena anasankha kutsala ndi kamera ndi cholembera, ndipo nawonso anafa, monga wojambula zithunzi Maks Levin amene anaphedwa m'nkhalango kumpoto kwa Kyiv mu Malichi 2022. Palibe njira mwa ziwirizi imene inali yopulumukira.

Tisamusandutsenso mngelo. Nkhondo imaumitsa mtima, ndipo zimene Roman ankalemba pa intaneti zokhudza Arasha zinali zaukali kwambiri, moti ena mwa omuchitira chisoni amavutika nazo mpaka lero. Ofalitsa nkhani a ku Russia anazigwiritsa ntchito pomunyoza atamwalira. Amene akufuna kumumvetsa ayenera kuika mawu aukaliwo pambali pa zimene maso ake anaona m'matawuni omasulidwa, komanso pambali pa zaka zonse zimene anakhala akudalira khothi, pepala ndi voti. Munthu ameneyu anayesa njira zonse zamtendere zimene dziko lake linali nazo, ndipo mfuti anainyamula pamene akasinja anali panjira yopita kwawo.

Pa 9 Juni 2022, ali pa ntchito yozonda kufupi ndi Izium, Roman anaphedwa. Thupi lake linatsala pamalo oopsa kufikapo, ndipo panatenga masiku angapo kuti anzake alitenge. Imfa yake inalengezedwa pa 14 Juni. Kunali kutatsala masabata osakwana anayi kuti akwanitse zaka 25.

Zimene zinatsala

Mwezi wotsatira maliro, mu Julayi 2022, khonsolo ya Kyiv inavomereza kuti Protasiv Yar akhale malo otetezedwa mwalamulo, chinthu chimene Roman anachimenyera zaka zitatu ali moyo osachiona. Mu Seputembala msewu wina wapafupi, umene unkatchedwa ndi dzina la mzinda wa Volgograd wa ku Russia, unasinthidwa kukhala msewu wa Roman Ratushnyi. Mwezi womwewo asilikali a Ukraine anamasula Izium, ndipo m'nkhalango ya paini kunja kwa tawuniyo munapezeka manda oposa 440, ambiri a anthu wamba.

Akuluakulu anati nkhondo simanga mudzi, ndipo banja la Ratushnyi ndi mboni. Mu Febuluwale 2025 mkulu wake wa Roman, Vasyl, amene ankaulutsa madroni a asilikali, nayenso anaphedwa kunkhondo. Mayi Povalyaeva anaika ana awo aamuna awiri m'zaka zosakwana zitatu.

Kutayika kwa munthu ngati Roman sikuwerengeka ndi manambala a ophedwa. Nkhondo imayamba kudya odzipereka okha, ndipo odzipereka okhawo kawirikawiri ndi omwe aja ankafika msanga pa msonkhano wa m'dera, ankawerenga bajeti ya khonsolo, ankafunsa nduna mafunso ovuta. Dziko likadzatuluka m'nkhondoyi lidzafuna makhansala osagulika, akonzi a nyuzipepala olimba mtima ndi maloya a anthu osauka, koma ambiri mwa amene ankakonzekera maudindo amenewo ali kale pansi pa nthaka. Ngongole imeneyi Ukraine adzaibweza kwa mibadwo ingapo.

Komabe moyo wakewo ukutiphunzitsa kumene kukonda dziko kumayambira. Roman sanayambire pamalire a dziko. Anayambira pabwalo la mumzinda ali ndi zaka 16, kenaka pa kamtsetse ka mitengo ka m'dera lakwawo, kulimbana ndi mpanda wa malata ndi mapepala achinyengo. Amene anazolowera kunena kuti malo awa ndi a tonse ndipo sagulitsidwa, sanavutike kunena mawu omwewo pamene mdani anabwera kudzatenga dziko lonse. M'mera mpoyamba.

Manda a Baikove, komwe anamuika, ali paphiri loyang'anizana ndi Protasiv Yar. Kuchokera pamanda ake kupita kukhwawako ndi ulendo wapansi, ndipo mitengo ija ikadalipo.